Olemba nkhani za upandu saloza cala asanafufuze

Makolo ambiri m'maparishi mwathu sakondwa akapeza mwana ali ndi buku la nkhani ya kuphana kapena ya akawalala. Iwo amati mabuku otere aphunzitsa kuba, ndiponso kuti olemba ake ndi anthu a mitima yoipa amene agona ndi kudzuka akuganizira za magazi. Ife tiona mosiyana. Tikayang'ana m'mene olemba nkhani zotere agwirira nchito yao tsiku ndi tsiku, tipeza anthu olawirira m'mamawa, osunga makope, ofunsa kwa odziwa, ndipo lamulo lalikulu la nchito yao ndi lakuti munthu asalozedwe cala popanda umboni. Khalidwe limeneli ndi limene lisowa m'midzi mwathu mbuzi ikabedwa kapena mwana akamwalira mwadzidzidzi.

Kwa amene sanawerengepo, nkhani yotere iyamba ndi mlandu: munthu wapezeka atafa, kapena cuma casowa. Ndiye pabwera wofufuza, kaya ndi wapolisi kaya munthu wamba, amene afunsa anthu ndi kupima mau ao kufikira atapeza wolakwa. Wowerenga nayenso apatsidwa zizindikiro zonse kuti ayese kutulukira yekha. Conco wolemba sangalembe mwacisawawa. Ngati pa tsamba 20 wanena kuti citseko cinali cokhoma, ayenera kukumbukira zimenezi pa tsamba 200, apo ayi owerenga amugwira bodza.

Tiyambe ndi mai Agatha Christie a ku England, amene analemba mabuku 66 a mtundu umenewu asanamwalire mu 1976. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, iwo anagwira nchito m'cipinda copimira mankhwala pa cipatala ca m'tauni ya kwao ya Torquay. Kumeneko anaphunzira kuti mankhwala amodzimodzi acizira pa mlingo wakuti ndipo apha pa mlingo wakuti. Buku lao loyamba analilemba mu 1916 pa nthawi yopuma, makampani angapo osindikiza analikana, ndipo linatuluka mu 1920. Nyuzipepala ya akatswiri a zamankhwala inaliyamikira kamba koti zonse zimene linanena za poizoni zinali zoona. Atamwalira, panapezeka makope 73, ambiri a iwo ofanana ndi amene ana athu apita nao kusukulu. M'makopemo muli maina a anthu a m'nkhani, mafunso amene iwo anali kudzifunsa, njira zimene anaziyesa n'kuzisiya, pamodzi ndi mndandanda wa zokagula kusitolo.

A Georges Simenon, obadwira ku Belgium mu 1903, analemba mabuku 75 onena za wapolisi wa ku Paris wochedwa Maigret. Mu 1955 anafotokoza m'mene anali kugwirira nchito. Asanayambe buku anali kutenga envulopu yaikulu ndi kulembapo maina a anthu a m'nkhani, zaka zao ndi abale ao. Maina anali kuwasankha m'mabuku a manambala a foni. Kenaka anali kuitana dokotala kuti awapime kuthamanga kwa magazi, cifukwa kwa masiku 11 otsatira anali kudzitsekera m'cipinda, osalandira alendo, osayankha foni, kulemba mutu umodzi tsiku lililonse. Akadwala masiku awiri pakati pa nchito, anali kutaya zonse zimene analemba kale.

Mai P. D. James anasiya sukulu ali ndi zaka 16. Amuna ao anabwerako ku nkhondo yaciwiri ali odwala maganizo, motero udindo wolera ana awiri unagwera mai. Anagwira nchito mu maofesi oyendetsa zipatala, ndipo kucokera mu 1968 kufika mu 1979 mu unduna wa za m'dziko, mbali yoona za apolisi ndi milandu. Mabuku anali kuwalemba mbandakuca asanapite ku nchito. Loyamba linatuluka mu 1962 ali ndi zaka 42. Zimene anaona m'zipatala ndi m'maofesi ndi zimene zinadzaza nkhani zao.

Nanga ndalama? A Arthur Conan Doyle anali dokotala wosowa odwala m'tauni ya Southsea, ndipo anayamba kulemba podikira kuti wina agogode. Buku loyamba la wofufuza wao wochuka, Sherlock Holmes, linatuluka mu 1887. Analigulitsa pa mapaundi 25 basi, ndipo phindu lonse la pambuyo pake linapita kwa osindikiza. Mlimi amene anagulitsapo cimanga mu Epulo kwa ogula oyendayenda kamba ka kusowa ndalama adziwa m'mene zimenezi zipwetekera. Adziwanso kuti munda sutha tsiku limodzi, uyenda mzere ndi mzere. Ndi m'menenso buku lilembedwera.

Akristu ena angadabwe kumva kuti malamulo odziwika bwino a nchito imeneyi analembedwa ndi wansembe wa Katolika. Bambo Ronald Knox, amene pambuyo pake anamasulira Baibulo lonse m'Cingerezi, analinso wolemba nkhani zofufuza milandu, ndipo mu 1929 anafalitsa malamulo khumi oti olemba azitsatira. Limodzi linali loletsa kugwiritsa nchito mizimu, matsenga kapena mphamvu zosaoneka pofotokoza m'mene mlandu unacitikira. Lina linali lakuti wofufuza asapeze wolakwa mwamwai cabe, kapena cifukwa cakuti mtima wake wangomuuza. Linanso linali lakuti cizindikiro ciliconse cimene wofufuza wapeza aciike poyera kuti wowerenga acione. Bambo Knox anali munthu wokhulupirira Mulungu ndi zozizwitsa zake. Koma pa nkhani yoimba mnzako mlandu, iwo anafuna umboni umene wina aliyense angaupime.

Zimenezi sizacilendo kwa ife owerenga Malembo. M'Baibulo la Katolika, buku la Daniele mutu 13 lisimba za Suzana, mai amene akuluakulu awiri anamunamizira cigololo. Anthu anali atagamula kale kuti aphedwe. Daniele anawapatula akuluakuluwo ndi kufunsa aliyense payekha kuti zinacitikira pansi pa mtengo wanji. Wina anachula mtengo uwu, wina uwo, ndipo bodza linaonekera. Pa mutu 14, Daniele anawaza phulusa pansi m'nyumba ya fano, ndipo m'mawa mapazi a anthu amene anali kudya nsembe usiku anaoneka. Mu 1928 mai Dorothy Sayers, mwana wa wansembe wa Anglican amenenso anali wolemba nkhani zaupandu, anaika nkhani ziwirizi m'buku limene anasonkhanitsamo nkhani zofufuza milandu, monga zitsanzo zakale za luso limeneli.

Kodi cizolowezi ca pa pepala cingathandize munthu weniweni? Mu 1903, m'mudzi wa Great Wyrley ku England, wina anali kutema ziweto za alimi usiku, mahachi ndi ng'ombe zomwe. Anthu anakwiya ndipo anafuna wolakwa msanga. Cala cinaloza George Edalji, loya wacinyamata, mwana wa wansembe wa Anglican wa pamudzipo. Atate ake anali ocokera ku India, ndipo banjalo linali litazunzidwa kwa zaka ndi makalata opanda dzina. Khoti inamugamula zaka 7 m'ndende. Ziweto zinapitiriza kutemedwa iye ali m'manja mwa apolisi, koma zimenezi sizinasinthe maganizo a amene anamumanga. Anatulutsidwa mu 1906 dzina lake lisanayeretsedwe, ndipo analembera a Conan Doyle kupempha thandizo.

Pokumana naye koyamba mu 1907, a Conan Doyle anamupeza akuwerenga nyuzipepala ataiyandikiza pafupi kwambiri ndi maso. Monga dokotala, anazindikira kuti mnyamatayo sanali kuona bwino, ndipo zikanamubvuta kuyenda m'minda mumdima kukasaka ciweto ndi kubwerera kunyumba osaonedwa. Anawerenga zolembedwa za mlanduwo, anapita pamalopo, anafunsa anthu, ndipo analemba zimene anapeza m'nyuzipepala. M'caka comweco boma linamukhululukira Edalji, ngakhale silinamupatse cipukuta misozi. Mlanduwu unali umodzi mwa imene inakakamiza dziko la England kukhazikitsa khoti ya apilu ya milandu yaupandu mu 1907. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sitikana kuti nkhawa ya makolo ili ndi maziko. Alipo mabuku ndi mafilimu amene angokometsera nkhanza, ndipo kholo lili ndi ufulu wokana kuti zotere zilowe m'nyumba. Ngakhale mai Christie anadzudzulidwa. Buku lao la mu 1961, The Pale Horse, linafotokoza bwino lomwe za poizoni wochedwa thallium, ndipo patapita zaka khumi munthu wina ku England atapha anzake a pa nchito ndi poizoni yemweyo, ena anati bukulo ndilo linaphunzitsa anthu zoipa. Koma mu 1977 kunamvekanso nkhani ina. Mwana wa miyezi 19 wocokera ku Qatar anagonekedwa pa cipatala ca Hammersmith mu London, madokotala osadziwa comwe cinali kumudwalitsa. Nesi wina amene anali kuwerenga buku lomwelo anaona kuti zizindikiro za mwanayo, kuphatikizapo kuthothoka tsitsi, zinali kufanana ndi za m'nkhani. Atapima anapeza thallium, wocokera ku mankhwala ophera mphemvu a kunyumba, ndipo mwanayo anacira. Tikanakhala ife, ndi angati tikanayamba tayang'ana pamene tisunga mankhwala opopera thonje tisanaganizire agogo a nyumba yoyandikana nayo?

Apa ndi pamene nkhaniyi itikhudzira. Tonse tidziwa m'mene ziyendera. Ng'ombe zasowa m'khola usiku, ndipo dzuwa lisanafike pamutu dzina la munthu lili kale pakamwa pa mudzi wonse. Kawirikawiri akhala mlendo, kapena mnyamata amene anabapo nkhuku kale. Thumba la fataleza lasowa pa kopaletivu, ndipo mlembi wayamba kuchedwa mbala mabuku asanatsegulidwe. Mwana wamwalira, ndipo m'malo mofunsa a cipatala, abale apita kwa ng'anga, imene siingabweze anthu popanda kuchula dzina, cifukwa ndiye malonda ake. Nkhalamba zathamangitsidwa m'midzi, nyumba zatenthedwa, ena amenyedwa mpaka kufa, ndipo wolakwa weniweni, ngati analipo, watsala akuseka.

Malamulo a dziko lathu anena momveka. Malamulo oyendetsera dziko la Zambia ati munthu aliyense woimbidwa mlandu ndi wosalakwa kufikira khoti itamupeza wolakwa. Lamulo la za ufiti, mutu 90 wa malamulo a Zambia, liti kuchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Lamulo la Mulungu nalo liletsa kucitira mnzako umboni wonama. Bvuto ndi lakuti malamulo a m'mabuku sagwira nchito pamene gulu lakwiya, ngati m'gulumo mulibe anthu amene anazolowera kufunsa mafunso. Cizolowezi cimeneci munthu sabadwa naco, aciphunzira. Mwana amene wawerenga nkhani khumi, ndipo mu iliyonse waona kuti woganiziridwa poyamba sanali wolakwa, akula ali wocedwa kutola mwala.

Conco tipempha zinthu zitatu. Coyamba, makolo ndi aphunzitsi a katekisimu asalande mabukuwa asanawaone. Awerenge masamba angapo, kapena auze mwanayo asimbe nkhaniyo madzulo, ndi kumufunsa kuti wofufuza anadziwa bwanji. Maparishi amene ali ndi kabati ya mabuku aikemo ocepa a mtundu umenewu pafupi ndi mbiri za oyera.

Caciwiri, m'makomiti a mpingo, m'makopaletivu ndi pa mabwalo a mafumu titengere citsanzo ca makope aja. Tilembe matumba amene alowa ndi amene atuluka, tsiku lake ndi amene wasaina. Tilembe mitundu ndi zizindikiro za ng'ombe zathu zisanasowe. Cinthu cikasowa tifunse: ndani anaona ndi maso ake? Inali nthawi yanji? Mapazi aloza kuti? Mboni tizifunse payekhapayekha monga anacitira Daniele, ndipo zimene tapeza tipereke kwa apolisi, osati kwa gulu la zibonga.

Cacitatu cipita kwa acinyamata ndi aphunzitsi amene ali ndi mphatso yolemba. Nkhani zofufuza milandu za m'Cinyanja ndi zocepa, pamene milandu ya ziweto, ya malire a minda ndi ya cuma ca amasiye tiidziwa bwino kuposa wolemba aliyense wa kunja. Mai Christie analemba za mankhwala cifukwa ndiwo anali kuwapima, mai James za maofesi cifukwa ndimo anali kugwira nchito. Inu mudziwa kusiyanitsa phazi la ng'ombe yoyenda yokha ndi la ng'ombe yothamangitsidwa, mudziwa nthawi imene mame auma pa udzu. Gulani kope, dzukani ola limodzi musanapite kumunda kapena kusukulu, ndipo kumene simudziwa kafunseni a nesi, a zaulimi kapena wapolisi wopuma pa nchito. Mukamaliza, patsani mnzanu awerenge ndi kumuuza kuti akugwireni bodza ngati angathe.