Mwadzilemba "aficionado" pa Facebook, koma mudziwa kumene inachokera?

Mwaona zamene anthu alemba pansi pa zithunzi zawo masiku ano? Uyu ati "football aficionado", uyo "whisky aficionado", winanso "fashion aficionado" pamene jekete ni ya salaula ya ku Soweto. Sinikuseka, na ine nivala zomwezo. Koma liwu limene mwapachika pa dzina lanu, ni bwino mudziwe zimene linyamula.

Si Chizungu ichi, Angelezi anachita kubwereka ku Spain. Kumeneko kuli liwu lakuti afición, kutanthauza chikondi chimene munthu ali nacho pa chinthu, ndipo mizu yake ili mu Chilatini, affectio. Aficionado ndiye munthu amene chikondicho chamugwira. Linalowa mu Chingelezi mu zaka za m'ma 1800, ndipo nthawi imeneyo silinali la mpira kapena mowa wodula ayi. Linali la anthu okonda masewera olimbana ndi nkhunzi, aja amene matador aimirira ndi nsalu yofiira mpaka aibaya ndi lupanga. Wolemba mabuku wa ku America, Ernest Hemingway, analitchukitsa maningi ndi buku lake la 1926, The Sun Also Rises, limene nkhani yake ifika ku Pamplona, ndiponso Death in the Afternoon la 1932.

Manje apa ndiye pali nkhani. Mu bwalo la nkhunzi, sikuti aliyense wogula tikiti ni aficionado. Ku Las Ventas, bwalo lalikulu la ku Madrid, kuli chigawo cha mipando chotchedwa Tendido 7. Amene akhala kumeneko adziwika ndi kuvuta. Matador akaimirira patali na nyanga chifukwa cha mantha, aona. Nkhunzi ikakhala yofooka miyendo, ayamba kuimba malikhweru. Ntchito ikakhala yabwino, owonera akupiza mipango yoyera kupempha kuti matador apatsidwe khutu la nkhunziyo, koma aficionado weniweni satulutsa mpango wake chifukwa chakuti oyandikana naye atulutsa. Masewerawo ine sinigwirizana nawo, nyama ifa movutika, ndipo nyumba ya malamulo ya ku Catalonia inavota kuwaletsa mu 2010. Koma liwu linakulira kumeneko, ndipo litanthauza munthu wokonda chinthu mpaka adziwa pamene chalakwika.

Ndiye dzifunseni, imwe a Real Madrid a ku Matero na Kanyama. Kuvala jezi timu ikawina ni kuchemerera chabe. Aficionado ni mdala uja wa Nkana amene aonera ngakhale timu ikuluza, ndipo angakuuzeni kuti vuto si wosewera kutsogolo, ni pakati pamene mpira sufika. Ni mayi uja amene akamva bass ya kalindula adziwa gulu loimba woimba asanatsegule pakamwa. Ndalama sizilowapo. Kaonekedwe ka ubwana kanabwera pambuyo, ndi zinthu monga magazini ya ku New York ya Cigar Aficionado imene inayamba mu 1992.

Chenjezo kwa imwe ofuna ntchito. Mu Chisipanishi, aficionado itanthauzanso munthu wochita chinthu mwa chikondi chabe, osati monga ntchito yolandirapo malipiro. Fútbol aficionado ni mpira wa matimu osalipidwa, ngati wa pa giraundi ya mu komboni. Ngakhale mu Chingelezi liwuli silinena kuti munaphunzira kapena muli na pepala. Mukalemba pa CV kuti ndinu "electrical aficionado", mwauza abwana kuti magetsi muwakonda, osati kuti mungalumikize nyumba osaiwotcha. Ngati muli na satifiketi, lembani satifiketiyo.

Pa Facebook pitirizani nalo, palibe mlandu. Koma "f" ni imodzi chabe, osati ziwiri, ndipo asisi, mu Chisipanishi lanu ni aficionada.