KUZENGA MLANDU POPANDA KUONA WOLAKWA

Pali matenda amene afala pakati pathu ophunzira, makamaka ife amene timagona m'nyumba za lendi ku Chinyonga ndi kumatsutsana mpaka pakati pa usiku. Matendaŵa ndi odzudzula chinthu chimene sitinachione. Masiku ano wozengedwa mlandu ndi filimu yotchedwa 300. Anzathu ena aigamula kale kuti ndi bodza la Azungu, kuti imanyoza anthu akuda ndi a kum'maŵa, ndipo kuti munthu wophunzira sayenera kudetsa nayo maso ake. Ukawafunsa kumene anaionera, amayankha monyadira kuti iwo alibe nthaŵi ya zinthu zotere. Ine ndikuti kumeneku si kuzindikira ayi. Ndi ulesi wovala tayi.

Tiyeni tiyambe ndi zimene zili zodziŵika. Filimuyi inafika m'nyumba za kanema mu 2007, ndipo anaikonza ndi Zack Snyder. Iye sanaitenge m'buku la mbiri koma m'buku la nthano ya zithunzi limene Frank Miller anatulutsa mu 1998. Nkhani yake ndi nkhondo ya ku Thermopylae ya m'chaka cha 480 Yesu asanabadwe, pamene mfumu Leonidas ya ku Sparta inatchinga njira yopapatiza kuti asilikali a Xerxes, mfumu ya Persia, asadutse. Itangotuluka, akuluakulu a boma la Iran anaidzudzula kuti ikunyoza makolo awo. Mkwiyo umenewo ndiwo anzathu aubwereka, monga mmene munthu amabwerekera jekete ya mnzake popita ku dansi.

Musandimve molakwa, sindikuikira kumbuyo filimuyi. Zolakwa zake nzambiri, ndipo nzazikulu kuposa zimene odzudzula athu amatchula. Iwo amangobwereza za Xerxes, amene anamusandutsa chimphona chodzaza ndolo ndi maunyolo a golide, ndi za mthenga wakuda woponyedwa m'chitsime. Akanaionera akanafunsa kuti ali kuti amuna 700 a ku Thespiae amene Herodotus analemba kuti anatsala ndi kufera limodzi ndi Leonidas. Akanafunsa kuti anthu aŵa ofuula za ufulu akubisiranji akapolo awo, amene ankawalimira minda kuti iwo apeze mpata wophunzira nkhondo. Akanaona kuti Ephialtes, amene anaulula njira ya m'phiri, m'mbiri anali munthu wa ku Malis, koma m'filimu anamusandutsa Mspata wa linunda amene anapulumuka pamene anayenera kutayidwa ali khanda. Kodi filimuyi ikuti chiyani kwa mnzathu wolumala amene timakhala naye m'kalasi? Funso limeneli sungalifunse ngati sunaone.

Palinso china. Nkhani yonseyi akuisimba ndi msilikali wa diso limodzi, Dilios, pamaso pa anzake amene akukonzekera nkhondo ya ku Plataea ya mu 479. Munthu wolimbikitsa asilikali sanena zoona zokhazokha: mdani amamukulitsa, chipembere amachisandutsa chilombo. Ndiye mtsutso weniweni nawu: kodi filimuyi ikutisonyeza mmene bodza la nkhondo limaphikidwira, kapena ikutidyetsa bodzalo? Ine ndikuti ikutidyetsa, chifukwa palibe paliponse pamene imatipatsa mpata wokayikira Dilios. Wina angatsutse, ndipo tingapindule tonse. Koma wosaonera alibe polowera mtsutsowu.

Ena akuti, kodi tiyenera kulaŵa tameki kuti tidziŵe kuti ndi woopsa? Fanizoli ndi lopunduka. Tameki amapha aliyense mofanana, pamene filimu imafuna maso ndi nzeru za woonera. Kukana kuionera ndi ufulu wako, ndipo palibe angakukakamize. Koma ukakana, unene kuti wakana, osati kuti waweruza. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluŵa.

Chimene chikundiŵaŵa kwambiri ndi chakuti ife Amalaŵi tikudziŵa kumene khalidweli limathera. Mu 1968 dziko lino linakhazikitsa lamulo limene linapatsa bungwe la Censorship Board mphamvu yosankhira mtundu wonse zoŵerenga ndi zoonera, ndipo mabuku mazanamazana analetsedwa. Nyimbo ya Simon and Garfunkel yotchedwa Cecilia inaletsedwa chifukwa cha dzina lokha. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, linatuluka mu 1981, kenaka linachotsedwa m'sukulu ndi m'masitolo, ndipo mwini wake anakhala ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Gulu la alembi limene iye anali mmodzi wa oliyambitsa linabadwa mu 1970, Chancellor College ili pa Chichiri pompa, mtunda woyenda pansi kuchokera ku Chinyonga. Mwambo wa gululo unali wakuti cholembedwa chiŵerengedwe ndi onse, kenaka chisendedwe. Iwo ankamenyera ufulu woona okha. Ife ufuluwo tili nawo, koma tadzisandutsa tokha timabungwe toletsa, aliyense m'chipinda chake.

Ndipo nthendayi siisankha za kunja zokha. Mu 2019, pamene inkatuluka filimu ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, The Boy Who Harnessed the Wind, ambiri anaseka Chicheŵa cha Chiwetel Ejiofor atangoona kachidutswa kotsatsira. Chicheŵacho chinalidi chokhota. Koma ndi angati mwa osekawo amene anakhala pansi ndi kuona mmene filimuyo inasonyezera njala imene inasautsa dziko lino mu 2002? Maŵa mmodzi wa ife adzalemba seŵero la John Chilembwe ndi nkhondo ya 1915. Kodi adzakondwa tikadzaligamula titangomva mutu wake?

Filimu ya 300 siikwana ngakhale maola aŵiri. Kuona maso a nkhono nkudekha. Kaionereni, mubwere ndi zolemba zanu ku msonkhano wathu, ndipo tidzaisenda khungu pamodzi. Amene sadzaionera abwere ndithu, mpando ulipo, koma abwere kudzamvera.