MASEWELA A PA FONI SI MANKHWALA A KUIWALA

Masiku ano ana ena m'makomboni akuikila makolo ao okalamba masewela pa foni, ati ubongo usagone. Agogo amapatsidwa masamu ofulumila kapena zithunzi zoti azikumbukile. Mtima wa anawo ndi wabwino, koma ogulitsa masewelawa amalonjeza zopitilila.

Masewela otele anachuka mu 2005 pamene kampani ya Nintendo ku Japan inatulutsa Brain Age. Mu 2010 ofufuza a ku Britain anayesa anthu 11,430 kwa milungu 6. Anapeza kuti munthu amakhaladi katswili pa sewelo lomwe wazolowela, koma nzelu zake pa zinthu zina sizinasinthe kwenikweni. Ku America, eni ake a Lumosity analipila madola 2 miliyoni mu 2016 cifukwa colengeza popanda umboni kuti masewela ao amateteza ku matenda a kuiwala.

Ngati agogo akusangalala nao, asewele ndithu. Vuto lili pa banja limene liganiza kuti latsiliza udindo wake pogula mabando a intaneti, n'kuwasiya okha m'nyumba tsiku lonse.

Kuiwala kwenikweni kumabwela ubongo ukaonongeka. BP yokwela ndi shuga zimaononga mwakacetecete timitsempha topeleka magazi ku ubongo, fodya ndi mowa nazonso zimathandizila. N'cifukwa cake malangizo a WHO a mu 2019 anatsindika za kulimbitsa thupi, kusiya fodya ndi kusamala BP ndi shuga. Kupima BP pa kiliniki ndi nchito ya mphindi zocepa, komabe okalamba ambili amafikako atafa kale ziwalo mbali imodzi.

Ndiponso nsolo ya pansi pa mtengo wa mango siyenela kupeputsidwa. Munthu amayenda kupita kumeneko, amawelenga miyala, amakangana ndi anzake n'kuseka. Foni sipeleka zonsezi pamodzi.

Nkhalamba imene yayamba kusocela panjila yodziwika, kuiwala maina a adzukulu, kapena kupezeka pakhomo pa eni mbandakuca, si mfiti ai, ikudwala. Ifunika kupita nayo ku cipatala, pamodzi ndi mankhwala onse amene ikumwa. Ngati kusokonezekako kwayamba mwadzidzidzi, m'tsiku limodzi kapena awili, ipite tsiku lomwelo, pakuti nthawi zina gwelo lake ndi malungo, cibayo, matenda a m'cikhodzodzo kapena shuga yotsika, ndipo izi zimacizika.