Antchito amakhala momwe bwana amawaonera

Funsani mkulu aliyense wa pantchito chifukwa chomwe zinthu sizikuyenda, akuuzani kuti anthu ake ndi aulesi, akuba kapena osamva. Nthawi zambiri saona kuti khalidwe akudandaula nalolo analibzala yekha, tsiku lomwe anawaweruza asanawadziwe. Boma la Chiradzulu lili ndi umboni wa zimenezi, ndipo wina unalembedwa ndi magazi.

Chisanafike chaka cha 1915, esiteti ya ku Magomero inali umodzi mwa minda ikuluikulu ya azungu mu Nyasaland. Inkayendetsedwa ndi Alexander Livingstone Bruce, mdzukulu wa David Livingstone, koma amene antchito ankakumana naye tsiku ndi tsiku anali William Jervis Livingstone, yemwe anthu ankangomutcha Listonia. Ambiri mwa antchitowo anali Alomwe ochokera ku Mozambique, othawa njala ndi nkhanza za Apwitikizi. Analibe malo awoawo, choncho ankagwira thangata m'minda ya thonje ndi fodya kuti aloledwe kukhala pamalopo.

Kwa eni mundawo, anthu amenewa anali manja olimira basi. Bruce sankafuna sukulu pamalo ake. Masiku a thangata ankawonjezeredwa, malipiro ankadulidwa, chikoti chinali pafupi. Munthu wochitiridwa zotere amaphunzira msanga kugwetsa khasu mwamphamvu kapitawo akamayang'ana, ndi kupuma akangotembenuka. Bwana akaona zimenezo amati waupeza umboni wa ulesi, nawonjezera chikoti. Kenaka aliyense amakhala wotsimikiza kuti sanalakwe pomuganizira mnzake zoipa.

Pamtunda wosatalika kwenikweni, ku Mbombwe, John Chilembwe anali atakhazikitsa Providence Industrial Mission m'chaka cha 1900. Iye ankawaona mosiyana anthu omwewo. Ankawaphunzitsa kuwerenga, amayi ankaphunzira kusoka, ndipo ankalimbikira kuti munthu wakuda avale bwino ndi kuyenda mosawerama. Anthu otchedwa aulesiwo ndi amene anaumba njerwa n'kumanga tchalitchi chachikulu cha pamishoni. Koma nyumba zopemphereramo zomwe otsatira ake anamanga pa esiteti zinatenthedwa.

Usiku wa pa 23 Januwale 1915, otsatira a Chilembwe anaukira, Livingstone anaphedwa m'nyumba mwake, ndipo pa 3 Febuluwale Chilembwe nayenso anaphedwa powomberedwa. Pamene boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe lofufuza chomwe chinayambitsa chipolowecho, linamva za malo, za msonkho ndi za thangata. Linamvanso dandaulo lomwe ena akanaliyesa laling'ono, la chipewa. Aphunzitsi, makalaliki ndi amalonda achikuda anadandaula kuti ankakakamizidwa kuvulira chipewa mzungu aliyense wokumana naye panjira, mzunguyo osabweza n'komwe ulemuwo. Amenewa sanali anthu a njala ayi. Chinkawapweteka n'chakuti ngakhale atadziwa ntchito chotani, ankaonedwabe ngati ana. Lipoti la bungwelo linavomereza kuti pa esiteti ya Bruce antchito ankazunzidwa.

Patapita zaka 86, boma la Chiradzulu lomweli linaonetsa mbali ina ya nkhaniyi. M'chaka cha 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV pachipatala chachikulu cha Chiradzulu. Chaka chomwecho mkulu wa USAID, Andrew Natsios, anali atanena poyera kuti anthu ambiri a mu Africa sangakwanitse kumwa mankhwalawa panthawi yake chifukwa sadziwa wotchi. Panalinso chikhulupiriro china, chakuti ntchito yoyambitsa munthu mankhwalawa ndi ya dokotala wamkulu yekha. Madokotala oterowo anali owerengeka m'dziko lonse, pomwe odwala anali miyandamiyanda.

Chiradzulu inayesa kukhulupirira anthu omwe inali nawo. Mankhwala anapita kuzipatala zing'onozing'ono za kumidzi. Anamwino anaphunzitsidwa kuyambitsa odwala ma ARV. Alangizi a zaumoyo, omwe ambiri ankangowadziwa ngati a katemera ndi a sikelo ya ana, anayamba kupereka mankhwala kwa omwe akupeza bwino. Anthu omwe ali ndi kachilombo anakhala aphungu a anzawo. Palibe amene anabadwanso kachiwiri pamenepa. Namwino anali yemweyo wa dzulo, kungoti wina anasiya kumukayikira, namuphunzitsa, namupatsa udindo. Lero kupatsidwa ma ARV ndi namwino si nkhaninso m'Malawi.

Komatu diso loweruza silichokera kumwamba kokha. La anzako a pantchito nthawi zina limaluma koposa la bwana. M'zaka zovuta za Edzi zija, ogwira ntchito m'zipatala ena ankalangiza anthu mazanamazana kuti akayezetse magazi, iwo eni akuopa kuyezetsa, poti woyezayo ndi mnzawo wodya naye limodzi masana. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa tsankho pantchito, monganso lamulo la ntchito la 2000, koma palibe lamulo lomwe lingamange manong'onong'o a pakhonde.

Manong'onong'o amenewa ali paliponse, kusukulu, kuofesi, m'shopu ya pa Namadzi kapena pa Mbulumbuzi. Mayi akakwezedwa, amati n'chibwenzi cha bwana. Mphunzitsi wachinyamata akamafika m'mawa n'kumachonga makope onse, amati akudzionetsa, kapena ndi kazitape. Sipatha chaka naye wayamba kuchedwa kuti agwirizane ndi anzake. Mesenjala amene waona pomwe pakutayikira ndalama amatseka pakamwa pamsonkhano, podziwa kuti akayankhula afunsidwa sukulu yomwe analekezera. Ndipo dzina la munthu likangotchulidwa, ena amayamba awerenga mtundu ndi chipani chake asanaone ntchito ya manja ake.

Wina anena kuti aulesi enieni alipo, akubanso alipo. N'zoona, ndipo mkulu amene saweruza konse ndi wolephera ntchito. Vuto lili pa chomwe akuweruzira. Buku losainira nthawi, malisiti, zotsatira za ana m'kalasi, chiwerengero cha odwala othandizidwa, zonsezi zikhoza kuyikidwa patebulo munthu n'kudziyankhira. Mphekesera, mtundu, zovala ndi nkhope sizipatsa munthu mpata woyankha, choncho amangosankha kubisala kapena kubwezera.

Aphunzitsi aakulu, oyang'anira zipatala, akuluakulu a kukhonsolo ndi eni mabizinesi a m'Chiradzulu, musanalembe kalata ina yochenjeza, itanani wantchitoyo, mumuonetse cholakwa chake papepala, ndipo mumve mbali yake kufikira atamaliza kulankhula.