Nambala imeneyo mwaitenga kuti?

Tinali pabwalo kwa Chapananga, ku Chikwawa, tikukambirana ndi makolo za maukwati a ana. Mnzathu wina anaimirira n'kunena molimba mtima kuti theka la atsikana akuno amakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Agogo ena anakweza mkono: "Ana anga, munabwera liti kudzatiwerenga?" Bwalo lonse linaseka. Ife kukamwa yasa. Nambalayo tinangoitola pa gulu la WhatsApp.

Titabwerako tinafufuza. "Theka" lija silinali bodza, koma linali lakale, la kafukufuku wa MDHS wa 2010. Wa 2015-16 anapeza 42 pa 100 alionse, ndipo MICS ya 2019-20 inapeza 38. Onsewa ndi a ofesi ya NSO ku Zomba, ndipo amanena za amayi a zaka 20 mpaka 24 m'dziko lonse. Ife tinatenga nambala yakale ya Malawi yense n'kuiveka dera limodzi.

Ena amati, "Aaa, bola uthenga wafika, nambala ikakula anthu amadzidzimuka." Ayi asisi. 38 ndi yoopsa kale, sifunika ndiwo. Mfumu ikatigwira ndi nambala yolakwika lero, mawa tikapita ndi nkhani yeniyeni ya mwana wa Sitandade 6 yemwe amusiyitsa sukulu, idzati ndi zomwe zija za ana a m'tauni. Wolira ndi mwanayo, osati ife.

Nazo nkhani za pa wailesi zili ndi malire ake. Ya Eric Aniva, fisi wa ku Nsanje, yomwe BBC inaulutsa mu 2016, inathandiza: anamangidwa n'kulamulidwa zaka ziwiri. Koma mawu a bambo mmodzi sangatiuze kuti mwambowu wafala bwanji m'chigwa chonse cha Shire.

Tsono musanadine "share", funsani. Anafufuza ndani? Chaka chiti? Anafunsa anthu angati, a kuti? Lipoti lenilenilo mwaliona, kapena ndi chithunzi chabe chopanda dzina? Mayankho akasowa, isiyeni kaye.

Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Lamulo lili mbali yathu. Nambala zoona zilinso mbali yathu. Kwa Chapananga tidzapitanso, ndipo agogo aja akadzafunsa, tidzawayankha.