ZA M'BANJA: MFUTI YA M'NYUMBA

Mwezi uno tinene za nthenda imene siyamba ndi malungo kapena cifuwa, koma idzaza manda monga mliri. Nthendayo ndiyo kuphedwa kwa akazi ndi mfuti m'nyumba zao zomwe.

Wina adzati, Mlandu uwu ngwa apolisi ndi oweruza. Madokotala alowamo bwanji? Taonani: mudzi wonse ukadwala m'mimba, dokotala wanzeru saleka pa kumwetsa odwala mankhwala ai, afunafuna citsime coipaco, nacitseka. Momwemo m'caka ca 1996 msonkhano waukuru wa WHO, bungwe loyang'anira umoyo wa anthu pa dziko lonse, unagamula kuti nkhanza ziwerengedwe pamodzi ndi nthenda zosautsa mitundu ya anthu, kuti gwero lace lifufuzidwe ndi kutsekedwa.

Ku South Africa, kumene abale athu ambiri apita kukagwira nchito, madokotala a Medical Research Council anawerenga akazi ophedwa. Anapeza kuti m'caka ca 1999 akazi anai tsiku liri lonse anafa m'manja mwa amuna ao kapena zibwenzi zao. M'caka ca 2000 boma linaika lamulo lolimba loti asagwire mfuti munthu wosayesedwa khalidwe lace. Pofika 2009 akaziwo anali atatu pa tsiku, ndipo amene anacepa koposa ndiwo oomberedwa ndi mfuti. Ku America nako, m'caka ca 2003, anaona kuti mwamuna wozunza mkazi wace akakhala ndi mfuti, ngozi yoti amupha ikula kasanu.

Cifukwa cace ncosabisika. Mkwiyo ukhala kanthawi, nuzirala. Pa ndeu ya manja mkazi afuula, anansi nathamanga kudzaleretsa. Koma mfuti siyembekeza mnansi. Madzi akatayika saoleka. Mfuti imene bambo anagula poopa mbala isanduka mbala yoba mai wa ana ace.

Tsono inu ankhoswe, ndi inu makolo: mwana wanu wamkazi akakuuzani kuti mwamuna wace anamlozetsa mfuti, ngakhale kamodzi kokha, musambweze ndi mau akuti banja nkupirira. Msungeni kwanu, mupite naye kwa apolisi tsiku lomwelo. Ku South Africa lamulo la 1998 lilola bwalo la milandu kulanditsa mfuti ya munthu wotere. Muwauze zimenezi abale anu ali kumeneko. Kutero sikupasula banja ai. Cipasula banja ndi maliro a mai.