Chidindo cha pachipata chimasunga moyo wa mnansi wathu

Aliyense amene anadutsapo pa chipata cha Mwanza, Dedza, Mchinji kapena Songwe anaona mathiraki atandanda m'mbali mwa msewu, madalaivala akuphika nsima pansi pa galimoto zawo podikira zikalata. Ambiri a ife tikaona zimenezi timapukusa mitu, n'kumati boma likungovutitsa anthu ndi mapepala. Koma m'galimoto zimenezo muli mchere, mafuta ophikira, tirigu, mkaka ndi nyama, zimene pakangotha masiku owerengeka zidzakhala m'mbale zathu. Kodi ndani amatiyang'anira chakudyachi chisanafike pakamwa pathu?

Dziko lathu lilibe nyanja yamchere, choncho katundu wambiri amayenda ulendo wautali kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, kapena pamsewu kuchokera ku South Africa. Akafika pachipata, bungwe lotolera msonkho la MRA limafuna kudziwa kuti katunduyo ndi wotani, wachokera kuti ndipo mtengo wake ndi wotani. Bungwe loona miyezo ya katundu la MBS, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, limayang'ana ngati chakudyacho n'choyenera kudyedwa: tsiku lothera mphamvu, zolembedwa papaketi, ngakhalenso ayodini wa mumchere amene amatiteteza ku chithokomiro. Aunduna wa zamalimidwe amafuna chilolezo cha mbewu ndi nyama kuti matenda a m'minda ndi m'makola a mayiko ena asalowe kuno.

Kuti timvetse kulemera kwa ntchitoyi, tikumbukire zimene zinachitika ku South Africa m'zaka za 2017 ndi 2018. Anthu oposa 1,000 anadwala matenda a listeriosis ndipo oposa 200 anamwalira, ambiri mwa iwo makanda ongobadwa kumene. M'mwezi wa March 2018 nduna ya zaumoyo ya dzikolo pa nthawiyo, a Aaron Motsoaledi, inalengeza kuti gwero la mliriwo linali poloni wa ku fakitale ya Enterprise mumzinda wa Polokwane. Malawi, Zambia, Mozambique ndi mayiko ena anaimitsa kulowa kwa nyama zoterezi. Choopsa n'chakuti tizilombo ta listeria timaswana ngakhale m'firiji, ndipo nyamayo siisintha maonekedwe kapena fungo. Mayi woyembekezera amene anagula poloniyo sakanadziwa kanthu ndi maso kapena mphuno. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma pankhani iyi wogula alibe womufunsa. Amene amafunsa m'malo mwake ndi mlonda wa pachipata.

Pamene pali njala nkhaniyi imavuta koposa. M'mwezi wa December 2023, patatha miyezi ingapo namondwe wa Freddy atasakaza minda m'chigawo cha kummwera, boma linaletsa kulowetsa chimanga chosagaya chochokera ku Tanzania ndi Kenya poopa matenda ofotetsa chimanga a maize lethal necrosis. Ambiri anadandaula, ndipo dandaulo lawo linali lomveka: mungatseke bwanji chipata ana akugona ndi njala? Komabe chimanga cha maso chimatha kudzalidwa, ndipo matenda akalowa m'minda amatisandutsa opemphetsa kwa zaka zambiri. Njira imene inapezeka inali yogaya chimangacho kuti chilowe ngati ufa. Umu ndi momwenso zinakhalira pa njala ya 2002, pamene Malawi inalandira chimanga cha thandizo cha GMO pokhapokha chitagayidwa, pomwe Zambia motsogozedwa ndi a Levy Mwanawasa inachikaniratu. Apa tikuphunzira kuti kudyetsa anjala lero ndi kuteteza munda wa mawa si zinthu zoti tisankhepo chimodzi. Nzeru yagona pofunafuna njira yochitira zonse ziwiri.

Tsono pachipata pali mayesero awiri. Loyamba ndi la wamalonda amene amaika ndalama pakati pa zikalata kuti katundu wotha mphamvu kapena chimanga cha chuku chidutse osayezedwa, kapenanso amazembetsa katundu usiku kudzera njira zachidule. Iye amati wangopulumutsa mpamba wake. Wolandira chiphuphuyo amati malipiro ndi ochepa. Onse awiri sadzaona nkhope ya mwana amene adzadwale kumudzi, koma kusaiona nkhopeyo sikuwachotsera mlandu. Si nkhani yachilendo: mneneri Amosi anadzudzula amalonda a m'nthawi yake chifukwa chonyenga pa miyeso ndi kugulitsa osauka zinyalala za tirigu.

Yesero lachiwiri ndi la wantchito amene amachedwetsa dala katundu wabwinobwino kuti mwiniwake atope, apereke kangachepe. Nyama ndi zipatso zimawonongeka padzuwa, ndalama zolipira galimoto yongoima zimakwera, ndipo zonsezi zimathera pamutu pa mayi wogula pamsika. Choipitsitsa n'chakuti kuchedwa kopanda chifukwa kumaphunzitsa ngakhale amalonda okhulupirika kufuna njira zokhota. Kuthamanga sikufika, inde, koma kuchedwa kofuna chiphuphu sikuteteza munthu aliyense. Nchifukwa chake tiyenera kuyamikira njira monga ya chipata cha Mchinji ndi Mwami, chomwe kuyambira 2022 chinaphatikiza maofesi a Malawi ndi Zambia kuti galimoto iime kamodzi. Koma nyumba yatsopano ndi makompyuta sizingalowe m'malo mwa chikumbumtima.

Nanga ife tichitenji? Tipemphe aphungu athu kuti malo oyezera chakudya akhale ndi zipangizo ndi anthu okwanira, zotsatira zizituluka msanga. Tikamagula tiwerenge tsiku lothera mphamvu, ndipo tikapeza katundu wokayikitsa tidziwitse a MBS m'malo mongong'ung'udza. Tisathamangire chotchipa pamene tikudziwa bwino kuti chinalowa usiku.

Ndipo inu abale ndi alongo amene mumagwira ntchito m'zipata, dziwani kuti tikamadalitsa chakudya tisanadye timakhala tikudaliranso kukhulupirika kwanu. Chidindo chimene mumadinda papepala ndi lonjezo kwa anthu amene simudzawaona, loti angathe kudyetsa ana awo mopanda mantha. Lisungeni lonjezolo.